Kodi Kalulu angamuwononge mwana? Za mabuku a nyama ndi ubwenzi

Mayi wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, wafunsa motere: "Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7, ali kalasi yachiwiri. Mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Moatize anamubweretsera mabuku atatu a Chipwitikizi a nkhani za nyama. Muli zimbalangondo ndi mbalame za kumadzi oundana, zonse zokondana ndi kukumbatirana. Mwanayo amangoona zithunzi n'kuwasiya. Koma agogo ake akayamba nthano za Kalulu, ngakhale nsima amayiiwala. Nkhawa yanga n'njakuti Kalulu ndi wabodza komanso wakuba, ndipo mwanayu sachedwa kukangana ndi anzake. Ndimugulire mabuku otani a nyama omuphunzitsa ubwenzi? Nanga a ku Malawi, amene kalembedwe kake n'kosiyana ndi ka kusukulu kwathu, sangamusokoneze?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Ndaphunzitsa ana a makalasi oyamba zaka zambiri kumapiri kwathu kuno, ndipo mwana woiwala nsima chifukwa cha nthano sanandidetsepo nkhawa. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja womva nthano maso ali gwa, osaseka, osafunsa kanthu. Wanuyo mabuku sanawakane. Wakana atatu amenewo, ndipo zifukwa ali nazo.

Pa zaka 7 mwana amakhala akulimbana ndi zilembo, kulumikiza "ka" ndi "lu" ndi "lu" mpaka mawu atuluke. Ntchito imeneyi payokha n'njolemetsa. Mawuwo akatuluka n'kupezeka kuti ndi "Kalulu", nkhope imawala, chifukwa thukuta lija lamupatsa chinthu chimene akuchidziwa. Koma akavutika chimodzimodzi n'kutulutsa mawu a Chipwitikizi amene sanawamvepo pakhomo, ndiye kuti mwamusenzetsa ndowa ya madzi ndi mtolo wa nkhuni ulendo umodzi. Amatula zonse n'kumangoona zithunzi. Nyama zake nazonso n'zachilendo. Mukangotchula kuti "Fisi" m'kalasi, ana amayamba kuseka nkhani isanayambe, poti akudziwa kale kuti kukubwera wadyera, wamantha, woyenda chotsimphina. Fulu amadziwika ndi kudekha, Njovu ndi mphamvu zopanda kuganiza kwenikweni, Nyani ndi kuba chimanga. Wolemba safunika kufotokoza zambiri, mwana amabwera ndi theka la nkhani kuchokera kwawo. Chimbalangondo alibe nacho mbiri.

Komabe ine ndikuganiza kuti vuto lalikulu la mabuku amenewo lili pa mawu anu omwe aja akuti "zonse zokondana ndi kukumbatirana". Tsiku lina ndinawerengera ana buku lotero. Tinyama tiwiri tinapeza chipatso, tinagawana, tinathokozana, dzuwa n'kulowa. Nditatseka bukulo, kamnyamata kena kamene kankakhala kumbuyo kanakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga nkhaniyo iyamba liti?" Ndinasowa chomuyankha, poti ankanena zoona. Ubwenzi umene sunakumane ndi njala, nsanje, ngongole kapena bodza sungapange nkhani, ndipo mwana saphunzirapo kanthu, chifukwa ubwenzi wake wa tsiku ndi tsiku suli choncho. Iye amadziwa za mnzake amene anamubwereka pensulo n'kuitaya, amene anamusiya pa masewera a fulaye n'kutenga wina, amene anaulula chinsinsi.

Taganizani nthano ija ya Nkhuku ndi Kabawi. Anali mabwenzi a ponda apa nane ndipondepo. Nkhuku inabwereka singano kwa Kabawi kuti isokere, singanoyo n'kugwera m'fumbi, psiti. Kabawi atabwera kudzaitenga, Nkhuku inalibe choonetsa. Kabawi anati mpaka singano yake idzapezeke, azidzatenga anapiye. N'chifukwa chake mpaka lero nkhuku imangopalasa pansi, ndipo kabawi akadutsa m'mwamba, thadzi limalira anapiye n'kuthawira kunsi kwa nkhokwe. Nthanoyi ilibe mathero okoma, koma taonani zimene imachita. Nditaikamba m'kalasi, mkangano unabuka. Ena ankati wolakwa ndi Nkhuku posasamala cha mwini. Ena ankati Kabawi anawonjeza, singano imodzi singafanane ndi anapiye. Kamtsikana kena kanati Nkhuku ikanangopita yokha kukapepesa Kabawi asanabwere. Ana a zaka 7 ndi 8 anali kukambirana za ngongole, chipepeso ndi chilango chopitirira muyeso, popanda ine kutchula mawu akuti "khalidwe labwino". Ndipo potuluka anakapeza nkhuku zenizeni zikupalasa pabwalo.

Tsopano za Kalulu. N'zoona, ndi wabodza. Koma dzifunseni chifukwa chimene ana amamukondera. Kalulu ndi wamng'ono pakati pa zazikulu, alibe nyanga, alibe zikhadabo, sangalimbane ndi Mkango. Mwana nayenso amakhala m'dziko la akuluakulu amene amamuposa pa chilichonse, ndiye akaona kanthu kakang'ono kakupulumuka ndi nzeru, amadziona yekha. Izi sizimupanga wakuba, monganso nthano za Fisi sizinapange aliyense kukhala wadyera. Ife tonse tinakulira Kalulu yemweyo.

Ndiponso nthano zathu sizimusiya Kalulu osamudzudzula. Kumbukani ya chitsime. Kunagwa chilala, nyama zonse zinagwirizana kukumba, Kalulu anakana. Madzi atatuluka, iye ankabwera usiku kudzamwa ndi kusamba, akumapusitsa alonda mmodzimmodzi ndi uchi, n'kuwamanga. Amphamvu onse analephera. Anamugwira ndi Fulu, amene anzake ankamuseka kuti sangathe kanthu, atadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee ngati mwala. Muli zonse m'menemo: ntchito yogwirira pamodzi, wodya thukuta la anzake, ndi wonyozeka amene anapulumutsa mudzi. Agogo akamaliza, musafulumire kunena kuti "waona, kunama n'koipa". Mufunseni mwanayo kuti, "Iwe ukanakhala Fulu, mawa lake ukanamulola Kalulu kumwa madzi?" Mudzamva maganizo ake enieni, ndipo mwina mudzamvanso dzina la mnzake amene akukangana nayeyo.

Sindikunena kuti nthano iliyonse n'njoyenera mwana wamng'ono. Ija ya Tambala amene anabisa mutu m'phiko n'kunamiza mnzake kuti waudula, mnzakeyo n'kutsanzira mpaka kufa, ndimaisungira a zaka 9 kupita m'tsogolo, ndipo sindiikamba usiku. Buku limene nthabwala yake yagona pa kuseka wolumala, wakhungu kapena wachialubino, lisiyeni pa shelefu pomwepo ngakhale zithunzi zake zikongole bwanji.

Mukaligwira buku m'manja, kaya m'sitolo kaya kwa mnzanu, musayambe ndi kufunsa kuti likuphunzitsa chiyani. Tsegulani pakati, muwerenge tsamba limodzi mokweza. Khutu lidzakuuzani. Mabuku ambiri a ana a m'chinenero chathu ndi omasuliridwa, ndipo omasuliridwa mwaulesi amadziwika msanga: ziganizo zake n'zolondola koma zouma, ngati chikalata cha ku ofesi. Limati "Chule analumphira m'madzi mofulumira kwambiri." Agogo sanganene choncho. Iwo amati "Chule uja m'madzi chubwi!" Fisi amayenda nyang'anyang'a, mudzi umangoti zii, nyama zimathawa balalabalala. Timawu totere ndi mchere wa nthano, ndipo kwa mwana wophunzira kuwerenga ndi tothandiza kwambiri, chifukwa ndi tatifupi, n'tosangalatsa kutchula, ndipo akatiwerenga kamodzi satiiwala. Buku lopanda kamodzi komwe ndimalikayikira.

Chachiwiri chimene ndimafuna ndi malo a mwana m'nkhanimo. Nthano yathu siyenda ndi munthu mmodzi. Wokamba akati "Padangokhala," omvera amati "Tili tonse," ndipo amabwereza mpaka kumapeto. Pakati pamabwera kanyimbo, onse n'kuvomera. Buku labwino la ana limasunga mwambo umenewu m'njira yake: pamakhala mawu obwerezabwereza amene mwana amawayembekezera, monga nyama iliyonse ikafika pamtsinje n'kufunsa funso lomwelo. Pofika kachitatu mwana amakhala akunena yekha inu musanafike, chala chili pa mzere, ndipo posakhalitsa amazindikira kuti mawu amene akunenawo ndi omwe alembedwawo. Ana ambiri amalowera khomo limeneli poyamba kuwerenga. Ena amati kumeneko n'kuloweza chabe. Ine ndimati musiyeni aloweze, ndi mmene amayambira.

Zina n'zachidule. Pa msinkhu wake, tsamba likhale ndi chiganizo chimodzi mpaka zitatu, zilembo zikuluzikulu, ndi chithunzi chimene chikuwonjezera kanthu pa mawuwo. Mupatseni tsamba limodzi awerenge, inu muzipinda chala pa mawu alionse amene wakakamira. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo n'loti mumuwerengere inu, lowerenga yekha likhale lina. Ndipo mukapeza kuti tsamba lomaliza lalembedwa "Phunziro" ndi zilembo zakuda kwambiri, liphimbeni ndi dzanja, mufunse mwanayo kaye. Zimene anganene iye nthawi zambiri zimaposa zimene walemba wolembayo.

Pali mtundu wina wa mabuku umene makolo amauiwala, wa ubwenzi weniweni wa nyama, umene mwana angauone ndi maso. Kuno ku Angónia ng'ombe n'zambiri, ndipo mwana aliyense waonapo akakowa oyera mbee akuyenda m'miyendo mwa ng'ombe kudambo. Ng'ombe ikamaponda udzu, ziwala ndi tizilombo tina timauluka, kakowa n'kumangotola. Mufunseni mwana wanu ngati umenewu ndi ubwenzi, ndipo ngati ng'ombe ikupindulapo kanthu. Funso limeneli lilibe yankho lapafupi, n'chifukwa chake ndimalikonda.

Yoposa pamenepo ndi ya nsadzu, mbalame yolondolera anthu ku njuchi. Imalira pafupi ndi munthu, n'kumauluka mtengo ndi mtengo mpaka pamphako. Munthu amafukiza utsi, n'kufula uchi, mbalameyo n'kudya phula ndi ana a njuchi otsalira. Payokha singatsegule mphako, ndipo munthu payekha angayende tsiku lonse osaipeza. Izi si nthano. M'chaka cha 2016 katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, m'dziko lathu lomwe lino, atayenda ndi alenje a uchi a Chiyao. Alenjewo ali ndi kaitanidwe kawo ka mbalameyi, komveka ngati "brrr-hm", ndipo anapeza kuti akaitana motero, mwayi woti mbalame iwatsogolere umawirikiza kawiri poyerekeza ndi phokoso lina wamba. Akuluakulu athu amawonjezera kuti ukaimana gawo lake, ulendo wina idzakulondolera ku njoka. Mwana akamva zimenezi amagwira msanga kuti bwenzi sadyeredwa masuku pamutu, ndipo simunamulalikire.

Chenjezo limodzi pano, makamaka kwa abale athu okhala m'mbali mwa Zambezi, Revúbuè ndi nyanja ya Cahora Bassa. Mabuku ambiri ochokera kunja amajambula ng'ona yomwetulira ndi mvuu yonyamula ana pamsana. Olembawo sakhala ndi nyamazi, ife timakhala nazo, ndipo zimapha anthu. Werengani nkhaniyo, sekani, koma mukatseka nenani momveka kuti ng'ona ya m'buku ndi ina, ya kudooko ndi ina. Chimodzimodzi galu wachilendo, chifukwa cha chiwewe.

Pa za kalembedwe, funso lanu n'lomveka. Chinenero ndi chimodzi. Ku Malawi chinatchedwa Chichewa kuyambira 1968, kuno ndi ku Zambia mabuku a sukulu amati Cinyanja. Kusiyana kumene mwana angakumane nako kwambiri kuli pa chilembo chimodzi: kumene a ku Malawi amalemba "ch", monga "chimanga", mabuku athu amalemba "c" yekha, "cimanga", ndipo kumene iwo amalemba "tch", monga "ntchito", kuno mupeza "nchito". Chimene chimasokoneza ana kwenikweni si Malawi ayi, ndi Chipwitikizi, chifukwa m'menemo "ch" amamveka ngati "sh", monga pa mawu akuti "chuva", ndipo "c" amamveka ngati "k" pa mawu akuti "casa". Ndamvapo ana akuwerenga "shimanga", ena "kimanga". Mankhwala ake ndi apafupi. Musanayambe buku, muuzeni kuti, "Ili lalembedwa m'chinenero chathu, ndipo chilembo ichi muno chikunena chakuti." Muonetseni mawu atatu kapena anayi. Poti mawuwo amawadziwa kale ndi khutu, akawerenga "shimanga" amadziseka yekha n'kukonza. Sabata imodzi kapena ziwiri zimakwana. Kumumana buku labwino chifukwa cha chilembo chimodzi n'kutaya nkhwangwa ndi mpini womwe.

Mwina mukuopanso kuti kuwerenga m'chinenero cha pakhomo kumuchedwetsa Chipwitikizi, chimene adzalembere mayeso. Nkhani imeneyi inayesedwa m'chigawo chathu chomwe chino. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayendetsa ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO, yophunzitsa ana m'zinenero ziwiri: ku Gaza anagwiritsa ntchito Chishangana, kuno ku Tete Chinyanja. Zimene zinapezeka zinathandiza kuti maphunziro a zinenero ziwiri alowe m'ndondomeko ya sukulu za pulayimale cha m'ma 2003, ana n'kumayamba ndi chinenero chawo, Chipwitikizi chikulowa pang'onopang'ono. Maganizo ake ndi oti munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha. Akadziwa kuti zilembo zimaimira mawu ndipo mizere imanyamula nkhani, luso limenelo amapita nalo ku chinenero china chilichonse. Ine zimenezi ndaziona ndi maso: mwana amene wayamba kuthamanga m'Chichewa sachedwa kukwawa m'Chipwitikizi.

Kopeza mabuku ndiye pamene pali minga, tisanamizane. Mabuku a ana a m'chinenero chathu ndi ochepa m'masitolo. Ngati muli ndi wachibale wodutsa pa Calómuè kupita ku Dedza kapena ku Lilongwe, kapena wodzera pa Zóbuè kupita ku Blantyre, mutumeni akayang'ane m'masitolo a mabuku, ndipo mumuuze ziyeso zija, makamaka chowerenga mokweza. Ngati muli ndi foni yolowa pa intaneti, pali nkhokwe zaulere. African Storybook, imene inayambitsidwa ndi bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi timabuku ta zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, ndipo inatigawa m'magawo asanu malinga ndi kuvuta kwake, kuyambira ta mawu amodziamodzi mpaka towerengera mwana mokweza. Wanuyo muyambe naye pa gawo lachiwiri. Palinso StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books la ku India, ndi Bloom Library ya bungwe la SIL. Posaka, yesani mayina onse, Chichewa, Nyanja ndi Cinyanja, chifukwa nkhani zimasungidwa pa mayina osiyana. Zambiri n'zololedwa kukopera ndi kusindikiza. Ndikulangizani kuti musindikize, ngakhale zosakhala za mitundu, pa malo alionse ochita fotokope. Foni imatha moto, imafunidwa ndi akuluakulu, ndipo mwana sangagone nayo. Pepala amalibwereza kakhumi. Koma werengani kaye inuyo, poti zomasulira zina m'nkhokwezi n'zabwino, zina n'zouma.

Buku limene ndikukhulupirira kuti lidzaposa onsewa muli nalo kale pakhomo, lili m'kamwa mwa agogo. Tengani mapepala anayi a A4, muwasanjikize, muwapinde pakati. Apo mwapeza masamba 16. Sokani pamsana ndi singano ndi ulusi, ndipo chikuto mudule pa katoni ya sopo, mukafuna muikute ndi kansalu kotsala pa kapulana. Madzulo agogo akambe nthano imodzi, inu mumvetsere ndi cholembera m'manja. Musalembe zonse. Pa tsamba lililonse ikani chiganizo chimodzi kapena ziwiri m'munsi, ndi zilembo zikuluzikulu zosalumikiza, ndipo mawu akhale a agogowo, ndi "chubwi" wawo ndi "phee" wawo, osawakonza kuti amveke ngati a m'kalasi. Kanyimbo kalembeni paliponse pamene kakubwera. Pamwamba musiye malo, ajambule mwanayo. Kalulu wake adzaoneka ngati mbuzi ya makutu aatali, zilibe kanthu. Pachikuto alembe dzina la agogo ngati mwini nkhani, lake ngati wojambula. Tsamba lomaliza likhale la mawu otsekera aja, "Kaphuleni mbatata," ndi yankho lake, "Yapserera!" Ndinaonapo mwana atanyamula kabuku kotere m'thumba la yunifolomu mpaka kanachita kuda ndi manja, akuwerengera aliyense womupeza, ngakhale mbuzi za pakhomo.

Poti mwati sachedwa kukangana ndi anzake, muitane mmodzi mwa anzakewo pa ntchitoyi, makamaka amene amakangana naye kwambiriyo. Wina ajambule Nkhuku, wina Kabawi. Adzalimbirana pensulo yofiira, ndipo inu musalowerere msanga. Akamaliza, kabukuko kazigona sabata ino kwa uyu, sabata yamawa kwa uyo. Kubwerekana ndi kubweza kumene nthanoyo ikunena adzakhala akukuchita ndi manja awo.

Mabuku atatu a amalume ake aja musawataye, ndipo mlongo wanu mumuthokoze, poti amalume ogulira mwana buku ndi osowa. Pakali pano phimbani mawu a Chipwitikiziwo, mutsegule zithunzi zokha, mumuuze mwanayo akukambireni nkhaniyo m'Chichewa mmene akuionera. Chimbalangondocho achipatse dzina la kwathu ndi mudzi wake. Mumufunse kuti chinalakwira chiyani mnzakeyo zisanafike pokumbatiranapo, poti bukulo silinanene. Ikatha miyezi ingapo, muchotse dzanja pa mzere woyamba wokha, muwerenge naye, muone ngati wolembayo anagwirizana ndi nkhani yake.